Mbale Yovundikira kwa a Tcheyamani

Loweruka limenelo timu ya Mtovu inagonja kwa Njanji ndi zigoli naini kwa ziro, ndipo munthu woyamba kusenza kulemera kwa zigolizo anali Keziah Kamanga, pakuti ndiye ankachapa majezi.

Anayamba kuwachapa asanathe n'komwe msinkhu. Bambo ake, a Zacheus Kamanga, anali tcheyamani wa Mtovu, timu ya ana a amuna aja anachoka ku Nyasaland kudzakumba mgodi wa Kabwe n'kuiwala njira yobwerera. Utcheyamaniwo unalibe malipiro ngakhale ofesi. Unali ndi jekete yabuluu ya mabatani owala, imene a Kamanga ankaivala ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Chaka cha 1978 chinali chitatsala pang'ono kutha timuyo isanapambanepo, ndipo sopo m'masitolo anali atasowa ngati chigoli cha Mtovu.

Keziah anali kuseri kwa golo akulonga majezi onunkha thukuta m'thumba pamene anamva ochemerera Njanji akucheza pansi pa mtengo wa mango. Sankaimba, sankavina. Anangokhala ngati anthu amene adya kwambiri pa ukwati wa munthu wosamudziwa.

“Ine chigoli cha seveni sindinachione,” anatero Abel, wogulitsa matikiti ku sitesheni. “Ndinapita kukagula nzimbe. Pobwera ndapeza ati ni eyiti.”

“Sunaluze kanthu, chinali monga cha sikisi chabe,” wina anayankha.

A Sailas, gadi wa sitima wopuma ntchito, anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anali munthu wamtali, wolankhula ngati akulengeza masitesheni.

“Kale Mtovu ikamabwera tinali kugona osadya,” anatero. “Chaka china anatithyola miyendo iwiri mu gemu imodzi. Imeneyo inali timu! Manje munthu uwina koma mtima uli zii. Kuli monga kumenya munthu wogona.”

“Wagona ndani? Goloboyi wao uja sanagone,” anatero Abel. “Wagwira nchito kupambana onse. Kuwerama, kutola, kuwerama, kutola, monga akolola nshawa kwanu ku Petauke.”

“Vuto si goloboyi,” anatero a Sailas. “Vuto ni jekete. Timu ili na tcheyamani, wachiwiri wake, sekilitale, wachiwiri wa sekilitale, koma bola ni imodzi, nayonso yosoka na ulusi wa nsapato.”

“Tiwabwerekeko osewera awiri,” anatero Abel, ndipo sankaseka. “Akatsika ligi tizanyoza ndani? Akazi athu? Ine ndayesapo, sizinathe bwino.”

Chipongwe Keziah anali atachizolowera. Chimene sanachizolowere chinali chifundocho. Ndipo choipa koposa, a Sailas omwewa anali malume ake a Yoram, chibwenzi cha Keziah, ndipo mawa lake anayenera kufika kwa a Kamanga ku Bwacha kudzamufunsira ukwati.

“Nanga mazira apereka ndani mawa?” anafunsa Abel.

Unali mwambo wa matimu awiriwa. Timu ikatuluka m'bwalo ndi ziro, adani ake ankapita kukapepesa kwa tcheyamani ngati pamaliro, atanyamula mbale yovundikira ndi inzake. Tcheyamani akatsegula ankapezamo dzira, chifaniziro cha ziro uja.

A Sailas anatsokomola. “Ine mawa musandiwerengere. Ndili na mbale ina.”

* * *

Yoram anapeza Keziah pa geti ya bwalo, akukankha njinga. Analandira thumba la majezi n'kulimanga pa kaliyala mosamala ngati mwana wodwala. Anali mnyamata wofatsa, wokonza mainjini ku njanji, ndipo zaka ziwiri zimene anakhala pa chibwenzi ndi Keziah sanatchulepo dzina la timu yake pamaso pake.

“Wachoma bwanji, Kezi?” anafunsa. Mawu anatuluka ngati a bakha.

“Mawu ako apita kuti?”

“Chimfine.”

“Chimfine cha naini,” anatero Keziah. “Ndinakuona, Yoram. Pa cha faivi unakwera pamsana pa munthu.”

“Anandikweza okha.”

Anayenda kulowera ku Bwacha, fumbi la mgodi likuwalowa m'mano. Keziah anali atatopa kotero kuti ngakhale kukwiya kunkaoneka ngati ntchito.

“Uwauze amalume ako asabwere mawa,” anatero. “Atate sazamva kanthu. Adikire sabata imodzi.”

Yoram anaimitsa njinga. “Kezi, poyamba atate ako anati ligi ingoyamba kumene, mutu uli pa timu. Tinadikira. Kachiwiri anati kuli kapu. Kachitatu anati ali pa mlandu na refa. Amalume anena kuti suti yao aisita komaliza. Ati mbale ikabwerera, iwo sazapondanso ku Bwacha, ndipo ku Petauke kuli Nellie, mwana wa mnzao, odziwa kusinja, opanda timu.”

“Ndiye iwe unayankha kuti chani?”

“Ndinati ine ndifuna wa timu.”

Keziah anafuna kumwetulira koma nkhope inakana. Iye ankadziwa kuti popanda a Sailas Yoram analibe mkulu wina mu Kabwe womuyankhulira, ndipo ankadziwanso kuti mkazi wa zaka zake akapitiriza kudikira kuti Mtovu ipambane adzakwatiwa ali ndi ndodo.

“Chabwino, abwere,” anatero. “Koma akafike titachoka ku tchalitchi. Ndipo za bola asatchule. Ngakhale mawu amodzi.”

“Ba Kezi! Mwaiwala yanga!”

Anali Kingstone, goloboyi wa Mtovu, akuthamanga mwachangu chimene sanachionetse m'bwalo. Anali mnyamata wokongola, watsitsi lalikulu lokhala ndi chipeso chobayamo, Mbemba wa ku Makululu amene anakhala akuzungulira Keziah kuyambira tsiku limene analowa timu. Anapatsa Keziah jezi yake ndi manja awiri. Inali yoyera ngati sinavalidwe.

“Dzuwa linali m'maso,” anafotokoza asanafunsidwe.

“Mbali zonse ziwiri?” anafunsa Yoram ndi mawu a bakha aja.

Kingstone anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, kenako n'kutembenukira kwa Keziah. “Namva monga mawa kuli alendo kwa ba Tcheyamani. Titachoka ku tchalitchi, ati?”

“Makutu ako akanakhala manja, tikanawina,” anatero Keziah.

Kingstone anaseka, n'kuzula chipeso chija, n'kupesa kamodzi. “Bola ili so, mune,” anauza Yoram, akumutcha mnzake m'Chibemba. “Si wa amene aiona. Ni wa amene afikapo poyamba.”

Anapita akuimba mluzu.

* * *

Lamulungu a Kamanga sanapite ku tchalitchi. Anati munthu wa udindo ayenera kupezeka pakhomo pa nthawi ya mavuto. Keziah ndi mayi ake, a Dailes, pobwerera masana anawapeza pakhonde atavala jekete, ali ndi a Anderson, tcheyamani wa sekishoni ya Chipani, amene anabwera kudzakhala nawo pa chisoni. Matcheyamani awiri pa benchi imodzi, aliyense akudikira kuti mnzake amalize kuti ayambe iye.

“Choyamba mphepo,” a Kamanga ankatero, akupinda chala. “Chachiwiri refa, amene mlamu wake ali ku njanji. Chachitatu adani a m'kati.”

“Adani a m'kati ali ponseponse, komuredi,” anavomera a Anderson.

Pansi pa benchi panali beseni, ndipo m'besenimo munali mazira. A Dailes anawerama, kulinyamula, n'kulowa nalo kukhitchini nkhope ili yachisoni monga mwa mwambo. Atatseka chitseko anayamba kuwaunika limodzilimodzi padzuwa la pawindo.

“A ku njanji ni anthu aulemu,” anatero. “Onse ni abwino, palibe lovunda. Atate ako akanaluza sabata iliyonse na ziro, tikanatsegula sitolo.”

“Amama, mwawakumbutsa za alendo?”

“Ndinawauza Lachinayi. Anati, ‘Abwere tikawina.’ Ine ndinamva kuti abwere.”

“Pitani mukawauzenso.”

A Dailes anapukuta manja n'kutuluka. Keziah anasuzumira pa mng'alu wa chitseko. Anaona mayi ake akugwada pambali pa benchi, ndipo anaona bambo ake akukweza dzanja osawayang'ana, ngati wapolisi woimitsa lole.

“Ndili pa msonkhano, amake Keziah.”

A Dailes anabwerera. “Ali pa msonkhano,” anatero, n'kuyamba kusenda anyezi.

Keziah anakhala pa mpando wa thabwa. Mu Kabwe miyambo inasakanikirana kalekale ngati makala m'thumba limodzi, moti ngakhale ana a ku Nyasaland ndi a ku Petauke anatengera kafunsiridwe ka Abemba. Thenga limabwera ndi mbale yovundikira, m'kati muli kandalama kotchedwa nsalamu. Eni mwana akatsegula n'kutenga, avomera. Akaibweza yosatsegula, akana, ndipo nkhani yathera pomwepo. Palibe amene anaganizapo kuti mbale ya ukwati ndi mbale ya mazira zikhoza kufika pa khonde limodzi tsiku limodzi. Keziah anaziganiza tsopano, mochedwa, a Sailas akutsegula kale geti.

* * *

A Sailas anali atavala suti yakuda yositidwa mpaka kuwala m'zigongono. Mbale anaikulunga m'nsalu yoyera. Anayenda pang'onopang'ono, nkhope itagwa, monga ayendera munthu wodza ndi nkhani yolemera. Mwatsoka, ndi momwenso anayendera onse obweretsa mazira m'mawa umenewo.

Ananjuta patali, kuomba m'manja, n'kuika mbale pansi.

“Odi, eni nyumba.”

A Kamanga anawayang'ana nthawi yaitali. Munthu uyu ankamudziwa. Kwa zaka zambiri mawu ake ndiwo ankamveka pamwamba pa onse m'bwalo, akufunsa ngati jekete nayonso ingalowe kusewera.

“A Sailas,” anatero. “Ndimadabwa kuti mwachedwa.”

A Sailas anali atalonjeza mphwao kuti za mpira satchula. Koma analeredwa bwino, ndipo munthu woleredwa bwino salowa pakhomo pamene pagwa zovuta n'kuyamba za iye mwini.

“Poyamba, pepani na za dzulo,” anatero.

Kukhitchini Keziah anatseka maso.

Mwina zikanathera pomwepo, koma mlomo wa a Sailas, umene unatumikira Njanji mokhulupirika moyo wao wonse, unagwedera pang'ono pakona. Kunali kugwedera kochepa, koma a Kamanga anali munthu woona adani a m'kati.

“Pitirizani,” anatero.

A Sailas anakonza tayi. “Ife tatumidwa. Kwathu kuli katambala, kayamba kulira. Ndiye poyendayenda kaona msoti pakhomo pano...”

“Za nkhuku ndamva kale lero.”

“Pepani, sindinamalize.”

“Ndati ndamva kale! Tambala, msoti, dzira, khola lonse ndalimva. Kuyambira m'mawa ndakhala pano monga munthu wamkulu, kulandira, kutsegula, kuthokoza. Komuredi Anderson ni mboni. Koma yanu, a Sailas, yanu sinditsegula. Inu simuzaona mano anga pa mbale yanu.”

“A Kamanga, mbale iyi si ya...”

“Nyamulani.”

“Muganize bwino. Mukudziwa tanthauzo la kubweza mbale yosatsegula?”

“Ine ndine tcheyamani. Matanthauzo ndimapereka ndine.”

A Dailes anataya mpeni n'kuthamangira kunja, Keziah ali pambuyo, mwambo kapena ayi. Koma a Sailas anali ataimirira kale. Anakulunga mbale yao mosafulumira, mfundo ziwiri, n'kusasa fumbi pa bondo la suti. Ulemu wao unali utavulala, ndipo ulemu wa gadi wa sitima suchira msanga.

“Atate ake Keziah, awa ni alendo aja!” anakuwa a Dailes. “A kwa Yoram!”

A Kamanga anatsegula pakamwa. Anayang'ana mbale, anayang'ana mkazi wao, kenako anayang'ana a Anderson. Pakanakhala popanda a Anderson mwina akanaitana mlendoyo kuti abwerere. Koma tcheyamani sabweza mawu pamaso pa tcheyamani mnzake.

“Ndanena, ndanena,” anatero motsitsa.

Keziah anathamangira ku geti n'kugwada m'fumbi ndi diresi la ku tchalitchi. “Amalume, chonde. Sanadziwe. Bwererani muikenso pansi.”

A Sailas anamuyang'ana ndi chifundo chomwe chija anali nacho pa timu ya bambo ake.

“Mwanawe, sitima ikachoka pa sitesheni sibwerera chifukwa wina anali ku chimbudzi,” anatero, n'kupita.

* * *

Dzuwa linapendeka pakhomo pali zii. Keziah anachapa majezi ndi phulusa, poti manja ankafuna chochita, n'kuwayanika pa waya. A Dailes anakazinga mazira, ndipo palibe anawadya kupatula a Anderson, amene sanaone chifukwa chochokera.

Keziah anali atatuma mwana wa neba kukauza Yoram kuti abwere pa kona ya msewu madzulo. Ankafuna kumuuza kuti iye sanakane, kuti a Sailas akhoza kupepesedwa, kuti a Anderson akangochoka bambo ake adzafewa. Anali atakonza mawu onse. Atamuona akutsika njinga pa kona paja, pansi pa mtengo wa magetsi, anapukuta manja kuti apite.

Pomwepo geti inalira. Analowa Kingstone, atavala shati yoyera, chipeso atachisiya kunyumba. Pambuyo pake panali nkhalamba yaifupi ya chipewa ndi amayi atatu a zitenje zofanana. Kingstone sanafike pakhonde. Ananjuta patali pafupi ndi waya wa majezi, maso pansi, n'kuomba m'manja mwaulemu umene palibe anali atamuonapo nawo.

“Iwe!” a Kamanga anadzuka pa benchi, okondwa kupeza woti amukalipire. “Iwe naini! Uli na nkhope yobwera nayo pano? Kuyambira lero mu timu yanga...”

“Mwachoma bwanji, batata,” anatero Kingstone.

“Ndani atate ako?”

Nkhalamba ija inavula chipewa. “Ndine Philimon, ba Tcheyamani, ndinabwera m'mawa. Tabwera chabe kuthokoza. Mwana wanu uyu anati sangagone osaonetsa nkhope kwa apongozi.”

A Dailes anatuluka kukhitchini chiwaya chili m'manja. “Munabwera m'mawa? Na chani?”

“Na mbale, mayo,” anayankha a Philimon, akuwatcha mayi m'Chibemba.

Onse anatembenukira kwa a Kamanga. Iwo anagwira thumba la jekete, kenako n'kuchotsapo dzanja msanga ngati lapsa.

“Inali ya chipepeso,” anatero. “Munthu anabwera, wachilendo, kuyankhula za nkhuku monga onse. Ndatsegula, ndapeza si dzira, ni ndalama. Ndinati, uyu yekha ndiye adziwa kupepesa maliro.”

“Ndiye munatenga?” anafunsa a Dailes.

“Timu ifunika bola yatsopano.”

“Atate,” anatero Keziah, ndipo mawu ake anali ofatsa kwambiri moti iye mwini anawaopa, “pamene ananena za msoti, munayankha kuti chani?”

A Kamanga anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe thandizo. Anayankha ndi a Anderson, amene ankanyadira kukumbukira bwino zonenedwa pa misonkhano.

“Komuredi anati, ‘Msoti tengani, mutenge na khola lomwe.’ Ndinalipo. Anagwirana chanza.”

“Ine sindinafunsidwe,” anatero Keziah. “Amama, auzeni. Ine uyu sindimufuna.”

“Zimenezo ni za m'nyumba, tizakambirana,” anatero a Philimon mokoma mtima. “Atsikana onse amayamba so. Chachikulu nsalamu yalowa.”

“Bwezani, atate. Ili m'thumba mwanu. Itulutseni manje manje.”

Dzanja la a Kamanga linanyamuka, n'kuima panjira. Kubweza kukanatanthauza kuvomera, pamaso pa Chipani, pamaso pa Abemba a ku Makululu ndi aneba amene anali atayamba kale kusonkhana pa mpanda, kuti Zacheus Kamanga anapereka mwana wake wamkazi osadziwa, kwa munthu amene dzulo lake anapereka zigoli naini. Anakonza kolala ya jekete.

“Nkhaniyi,” anatero, “ifunika komiti.”

Amayi atatu aja anamva ngati kuvomera, kapena anasankha kumva choncho. Wamkulu anaika dzanja pakamwa n'kuimba nthungululu, anzake n'kulandira, ndipo akazi a pa mpanda, amene sankadziwa kuti mkwati ndani koma sakanalola chimwemwe kuwadutsa, anathandizira mpaka Bwacha yense anamva.

Keziah anakankha anthu n'kutulukira pa geti. Pa kona paja Yoram anali ataima, manja pa handulo. Kuchokera pamenepo ankaona bwino lomwe Kingstone atanjuta pabwalo la apongozi, amayi akumuvinira mozungulira.

“Yoram!” anakuwa. “Yoram, dikira!”

Mnyamatayo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma mtunda unali wautali ndipo nthungululu zinali pamwamba. Chimene ananena Keziah sanachimve. Anangoona akutembenuza njinga, kukwera, n'kupalasa kulowera ku Railways, ku nyumba za antchito a njanji, kumene a Sailas ankamudikira ndi mbale yosatsegula ndi dzina la Nellie.